Musanalipire Kompyuta, Funsani za Kapitawo Wake

Lero tilowa m'sitolo ya makompyuta, ndipo pempho langa n'lakuti ndalama zibakhala m'thumba mpaka titamaliza kucheza.

Miyezi ingapo yapitayo alamu anga anandiimbira foni mawu ali m'mwamba. Anali atagula laputopu yoti ana azilembera za kusukulu, iwo aziwerengetsera za kagolosale kawo. Ndinapita kukaiona. Inali yonyezimira, zilembo za pa kiyibodi zosafufutika, batire yake yokhalitsa ndithu. Ndinafunsa kuti, "Alamu, nanga m'katimu muli chiyani?" Iwo anati, "Muli zonse. Mnyamata wa m'sitolo uja anandiikira zonse." Nditaiyatsa, m'munsi mwa sikirini chakumanja munali timawu totuwa tonena kuti Windows imeneyo ilibe laisensi. Nditayang'ana purosesa ndinapeza kuti ndi ya m'chaka cha 2016, ndipo Windows 11 imene inali m'menemo anachita kuikankhiramo mokakamiza. Alamu anali atagula chikomekome cha mkuyu, ndipo nyerere zake zinaonekera pasanathe sabata ziwiri, makina atayamba kuima njii pakati pa ntchito.

Ambirife tikamagula kompyuta timayang'ana zooneka ndi maso: kukula kwa sikirini, dzina la pachivundikiro, kaya ndi HP, Dell kapena Lenovo, kenako mtengo. Koma chimene chidzakusangalatseni kapena kukulizani tsiku ndi tsiku sichigwirika ndi manja. Pachingerezi amati operating system. Ine ndimangoti kapitawo. Pa esiteti ya tiyi ku Thyolo kapena ya fodya ku Kasungu, kapitawo ndiye amagawa ntchito m'mamawa, uyu apite uku, uyo abadikira. M'kompyuta namonso muli antchito ambiri. Muli purosesa yowerengera, RAM yogwirizira zimene mukuchita panthawiyo, disiki yosunga mafayilo, kamera, pulinta ndi Wi-Fi. Mukadina batani, pempho lanu limayamba lafika kwa kapitawo, iye n'kuligawa kwa oyenera. Kapitawo akakhala wodwala, makina akhale odula chotani, ntchito siyenda.

Pamsika pali akapitawo anayi odziwika. Pali Windows ya kampani ya Microsoft, pali macOS ya Apple, pali ChromeOS ya Google, ndiye pali Linux, imene ilibe mwini mmodzi. Anthu amakonda kukangana kuti wabwino koposa ndi uti, ngati mmene amakanganira za mpira. Mkangano umenewo tiusiye. Funso loyamba limene wogula ayenera kufunsa ndi lina, ndipo ogulitsa ambiri sakonda kulimva: kodi kapitawoyu apuma liti pantchito?

Ndikutanthauza izi. Pulogalamu iliyonse yaikulu imakhala ndi mabowo amene akuba a pa intaneti amalowerapo. Kampani yoipanga ikazindikira bowo imatumiza chigamba, zimene timazitcha ma update zija. Koma palibe kampani imene imasoka zigamba mpaka kalekale. Windows XP anaisiya mu 2014. Windows 7 anaisiya mu Januwale 2020. Windows 10, imene inatuluka mu Julayi 2015 ndipo yadzaza m'maofesi ndi m'makomo mwathu, a Microsoft anasiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene analembetsa dongosolo lapadera lowonjezera nthawi. Kompyuta yoteroyo siyizima. Imayaka bwinobwino, Word imatseguka, nyimbo zimalira. Kungoti bowo latsopano likapezeka, palibenso wobwera ndi singano.

Wina anganene kuti, ine ndili ndi chiyani choti wakuba wa kunja n'kundifuna? Kumbukirani za mu Meyi 2017. Vairasi yotchedwa WannaCry inafalikira m'mayiko oposa 150 m'masiku ochepa chabe. Inkatseka mafayilo a munthu n'kumulamula kuti alipire madola 300 kuti awaonenso. Ku Britain inagwira zipatala za boma mpaka odwala ena anabwezedwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti chigamba chotseka bowo limenelo a Microsoft anali atatulutsa kale mu Malichi chaka chomwecho, ndipo amene anagwidwa ndi amene anali asanachimate. Vairasi ija sinkafunsa kuti mwini kompyuta ndi nduna kapena wogulitsa tomato. Inkangoyesa khomo lililonse, losakhoma n'kulowa. Masiku ano m'laputopu ya pakhomo mumakhala zithunzi za ukwati, mapasiwedi a kubanki ndi kafukufuku wa mwana wa ku yunivesite amene walemba chaka chathunthu.

Nkhani imeneyi ikutikhudza kwambiri ife chifukwa makompyuta ambiri amene timagula ndi akaunjika. Makampani a ku Ulaya, ku America ndi ku South Africa akasintha makina awo, akalewo amawapukuta n'kuwatumiza kuno. Zimenezo si zoipa, pakuti ambiri mwa makinawo ndi olimba kuposa atsopano otsika mtengo. Koma poti Windows 10 yapuma, makina amene akutayidwa kwambiri kumeneko ndi omwe sangalandire Windows 11. Windows 11, imene inatuluka mu Okutobala 2021, ndi yosankha. Imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, RAM yosachepera 4 GB, disiki yosachepera 64 GB, komanso purosesa yosakalamba. Kwa Intel imayambira pa m'badwo wa 8, kwa AMD imayambira cha pa Ryzen 2000.

Tengani cholembera apa, chifukwa kamfundo aka kangakupulumutsireni ndalama zambiri. Wogulitsa akakuuzani kuti "iyi ndi Core i5, bwana, ndi yamphamvu," sanakuuzeni kanthu. Core i5 ilipo ya 2011, ilipo ya zaka zaposachedwa. Muuzeni atsegule Settings, alowe pa System, kenako pa About. Pamenepo muona dzina lonse la purosesa. Likakhala ngati i5-8250U, nambala yoyamba ikatha kamzere ndi 8, ndiye kuti ndi m'badwo wa 8, yalowa. Likakhala i5-7200U kapena i5-6200U, yatsala kunja kwa mpanda. Mukaona manambala oyamba ndi 10, 11, 12 kapena 13, imeneyo ndi yatsopano kuposa pamenepo. Musanyengeke poona kuti Windows 11 ili kale m'menemo. Njira zoikakamizira zilipo ndipo anyamata a m'tauni amazidziwa, koma a Microsoft ananeneratu kuti makina otere sawalonjeza ma update.

Pomwepo pa Settings funsaninso kuti akuonetseni malo olembedwa Activation. Windows ndi katundu wogulitsa. Pa kompyuta yatsopano ya m'bokosi, mtengo wake umakhala utaphatikizidwa kale ndipo laisensi imakhala yomangiriridwa ku makinawo, moti ngakhale mutafufuta zonse n'kuyambiranso imabwerera yokha. Koma pali makompyuta ena atsopano amene amabwera opanda Windows, papepala atalemba kuti FreeDOS kapena No OS. Amatsikirapo mtengo pa chifukwa chimenecho. Ndiye wogulitsa amati, "Musadandaule, tikuikirani ulere." Ulere umenewo nthawi zambiri ndi Windows yobedwa, yotsegulidwa ndi timapulogalamu tochokera kosadziwika, ndipo kuti timeneti tigwire ntchito amayamba athimitsa chitetezo cha kompyuta. Taganizani, mwagula loko watsopano, koma kiyi wake wasulidwa ndi munthu amene simukumudziwa ndipo wina wasunga.

Ndisaoneke ngati ndikunyoza Windows. Kwa mabanja ambiri ndiyo yosavuta, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Mwana akaphunzira kompyuta kusukulu, kawirikawiri amaphunzirira pa Windows. Mafomu ndi makalata a kuntchito amabwera mu Word ndi Excel. Mapulogalamu a akatswiri monga AutoCAD ya ojambula mapulani a nyumba ndi Photoshop ya okonza zithunzi amayenda pa Windows ndi pa Mac, pa Linux ayi. Masewera ambiri amene achinyamata amakonda anapangidwira Windows. Chachikulu kwambiri, ikavuta mupeza woikonza ku Limbe, ku Area 2, ku Mzuzu ngakhale pa boma lililonse. Kungoti dziwani kuti Word ndi Excel sizibwera ndi Windows, zili ndi mtengo wakewake. Dziwaninso kuti Windows 11 Home imafuna intaneti ndi akaunti ya Microsoft pa tsiku loyamba kuiyatsa, ndiye musapite nayo kumudzi musanaitsegule.

Windows ilinso ndi njala ya data. Mukailumikiza ku foni yanu n'kuisiya, imayamba kukoka ma update mwakachetechete, ndipo bandulo imene munati ikufikitsani kumapeto a mwezi imatha usiku umodzi. Mankhwala ake alipo. Pa zokonzera za Wi-Fi pali kabatani kolembedwa Metered connection. Mukakayatsa, kompyuta imadziwa kuti intaneti imeneyo ndi yogula ndipo imachepetsa dyera. Koma musatseke ma update kotheratu monga amachitira ena. Pezani tsiku limodzi pamwezi, pamalo pamene pali Wi-Fi kapena pa bandulo ya usiku, muilole idye.

Tibwere kwa Apple. Kapitawo wawo, macOS, sagulitsidwa payekha, amabwera ndi makina a Apple basi. Ubwino wake ndi wosabisika. Kuyambira mu 2020 kampaniyi inayamba kupanga mapurosesa akeake, kuyambira ndi M1, ndipo ma MacBook amenewo amasunga moto nthawi yaitali kwambiri, chinthu chofunika kuno kumene magetsi amapita osatsanzika. Ojambula makanema ndi oimba amaikonda, ndipo mapulogalamu ena monga iMovie ndi GarageBand ndi aulere. Koma mtengo wake ndi woboola m'thumba, ndipo pa makina atsopanowa RAM ndi disiki n'zomatiriridwa, simungadzawonjezere mawa. Sikirini ikasweka, zipangizo zake zimachita kuitanitsidwa kunja. Kwa ofuna Mac yakaunjika ndili ndi machenjezo awiri. A Apple analengeza mu 2025 kuti macOS 26 ndiyo yomaliza kuyenda pa makina awo akale a purosesa ya Intel, ndiye Mac yotsika mtengo ya Intel masiku ake ndi owerengeka. Chachiwiri, onetsetsani kuti mwini wake woyamba anachotsamo akaunti yake. Ikakhala yokhomedwa ndi akaunti ya munthu wina, mwagula mbale yodula yoikapo makapu.

Chromebook ndiyo imakopa makolo ambiri chifukwa cha kutsika mtengo. Makinawa anayamba kugulitsidwa mu 2011, ndipo nzeru yake ndi yakuti pafupifupi zonse muzichitira pa intaneti kudzera mu Chrome. Imayaka msanga, mavairasi saivutitsa kawirikawiri, ndipo m'sukulu za ku America yadzaza. Mu 2023 a Google analengeza kuti ma Chromebook atsopano azilandira ma update kwa zaka 10. Koma inapangidwira nyumba imene intaneti imayenda ngati madzi a pampopi wosauma. N'zoona kuti mutha kulemba mu Google Docs popanda intaneti ngati munakonzeratu, koma disiki yake imakhala yaing'ono, kawirikawiri 32 kapena 64 GB, ndipo mapulogalamu a Windows salowamo. Yakaunjika ili ndi misampha yake. Iliyonse ili ndi tsiku lake lothera ma update, ndipo zina zimabwera zikadali zokhomedwa ndi sukulu imene inkazigwiritsa ntchito. Ngati pakhomo panu intaneti ndi ya bandulo ya pafoni, ganizani kawiri.

Tsopano wachinayi, amene ambiri sanamuonepo koma ali naye m'thumba. Mu 1991 mnyamata wina wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, dzina lake Linus Torvalds, anayamba kulemba mtima wa kapitawo wakewake n'kuupereka kwa aliyense wofuna kuugwiritsa ntchito kapena kuukonza. Ndiye Linux imeneyo. Lero foni iliyonse ya Android imayendera mtima umenewo, ndipo makompyuta 500 amphamvu kwambiri padziko lonse onse amayendera Linux. Poti ndi ya aliyense, magulu osiyanasiyana amaiphika mosiyana. Mtundu wotchuka kwambiri unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, yemwe uja anapita m'mlengalenga mu 2002. Anautcha Ubuntu, mawu a Chizulu ndi Chixhosa amene ife timati umunthu. Dzinalo silinangoikidwa. Pulogalamuyi ndi yaulere mwalamulo, mutha kuikopera mnzanu pa fulashi popanda kuba, ndipo anthu a m'mayiko ambiri amathandizana kuikonza.

Ubuntu imatulutsa mtundu wokhalitsa mu Epulo pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo uliwonse umalandira zigamba kwa zaka zisanu. Wa 24.04, mwachitsanzo, ufika mpaka 2029. Kwa munthu wozolowera Windows ndimalimbikitsa mphukira yake yotchedwa Linux Mint, chifukwa maonekedwe ake ndi odziwika, batani loyambira lili m'munsi chakumanzere monga munazolowera. Imayenda bwino ngakhale pa makina a RAM ya 4 GB, ndipo imabwera ndi Firefox yolowera pa intaneti komanso LibreOffice, imene ili ndi zolembera makalata ndi zowerengetsera ndalama. Laputopu imene Windows 11 yaikana, Linux imailandira ndi manja awiri. Chosangalatsa china n'chakuti mutha kuilawa musanaiike. Mumaiika pa fulashi, n'kuyatsira kompyuta pa fulashipo, n'kuona ngati Wi-Fi, mawu ndi pulinta zikugwira, osakhudza kanthu kalikonse ka m'kati.

Koma ndikuuzeni zoona, kuti musadzanditukwane. LibreOffice imatsegula mafayilo a Word, koma nthawi zina matebulo ndi mizere zimasuntha, makamaka pa zikalata zokongoletsedwa kwambiri. Ngati kuntchito kwanu kuli pulogalamu yapadera ya Windows, monga zina zowerengetsera ndalama za kampani, mwina siyiyenda. Ndipo vuto lalikulu ndi la anthu. Mukapita nayo kwa wokonza wa pamsika, kawirikawiri mankhwala ake ndi amodzi: kufufuta zonse n'kubwezeramo Windows yobedwa ija. Choncho musanasankhe Linux, dzifunseni ngati pali mdzukulu, mnzanu wa kuntchito kapena mphunzitsi wapafupi amene amaidziwa, kapena ngati inuyo muli ndi mtima wofufuza nokha zinthu zikavuta.

Mwina mukufunsa kuti za alamu anga zinatha bwanji. Wogulitsa anakana kubweza ndalama, akuti katundu anatuluka ali bwino. Tinakhala pansi n'kulemba zimene banjalo limachita pa kompyuta. Zinapezeka zinayi: kulemba za kusukulu, kuwerengetsa za golosale, kuonera makanema ndi kutumiza maimelo. Palibe chimodzi chofuna Windows. Tinasamutsira zithunzi pa fulashi, n'kuikamo Linux Mint. Sabata yoyamba kunali kudandaula, ana akusowa uku ndi uku. Tsiku lina mwana wamkulu anatumiza ntchito kwa aphunzitsi tebulo litapindika, ndipo tinaphunzirapo kuti chikalata chomaliza tizichitumiza ngati PDF. Lero makina aja akuyenda, ndipo alandira zigamba mpaka 2029. Koma alamu akanakhala ojambula mapulani a nyumba, nkhaniyi ikanatha ndi misozi, chifukwa ndalama zija zikanapita m'madzi.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Ngati mukugula kompyuta imodzi yoti banja lonse lizigwiritsa ntchito, ana a sukulu ali pomwepo, ndipo simukufuna zovuta, gulani ya Windows 11 yokhala ndi laisensi yeniyeni, pa makina amene akukwanira malamulo ake. Onetsetsani kuti RAM ndi 8 GB kapena kuposa, ndipo disiki ndi ya mtundu wa SSD, chifukwa 4 GB imene amanena ija ndi yongoyatsira. Ngati ndalama zachepa ndipo zimene mungakwanitse ndi laputopu yakale, musalole kuti akukankhiremo Windows 11 mokakamiza kapena kukusiyirani Windows 10 yopuma. Itsitseni mtengo, chifukwa mukudziwa chilema chake, n'kuikamo Linux. Mac ndi ya amene ntchito yake ikuifunadi ndipo thumba likulola. Chromebook ndi ya nyumba ya intaneti yosaduka. Ndipo kaya musankha uti, kuno kwathu laputopu imaposa kompyuta ya patebulo, pokhapokha mutaigulira UPS, kabokosi kosunga moto magetsi akazima, chifukwa kuzima kwadzidzidzi kumawononga mafayilo a kapitawo aliyense.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mukalowa m'sitolo, musachite manyazi kuoneka osadziwa. Uzani wogulitsa ayatse makinawo inu mukuona. Werengani nokha dzina la purosesa, onani ngati laisensi ilipo, funsani chaka chimene ma update adzathe, ndipo zimene walonjezazo azilembe pa lisiti. Wogulitsa wachilungamo sakwiya ndi mafunso amenewa. Amene wayamba kukuthamangitsani kuti mulipire msanga, musiyireni katundu wake, masitolo ndi ambiri.